Tiyi Wongonyowetsa Kambale

"Aphunzitsi, ndipatseni mnzanga wina," anatero Pyo Seul-gi asanakhale n'komwe pampando.

Pulofesa Byeon anavula magalasi. Iwo ankaphunzitsa za miyambo ya m'maiko ena, phunziro limene aliyense pa yunivesite ya mumzinda wa Daegu ankalitenga, afune asafune. Seul-gi sankafuna. Anabwerera za uinjiniya, ndipo ankati zinazi n'zotayitsa nthawi. Tsono phunzirolo linamumangirira kwa Dilnoza wa ku Uzbekistan: aliyense akacheze kwa mnzake, kenako adzafotokozere kalasi ali awiri. Wobwera yekha ndiye kuti walephera.

"Wakulakwira chiyani?"

"Sandifuna. Kuchipinda kwake anandithirira tiyi wongonyowetsa pansi pa kambale. Ndikamwa, kadontho kena. Kasanu konse! Ndine nkhuku ine?"

"Nanga atabwera kwanu?"

"Ndiye zinanyanya. Amayi anamudzazira tiyi wa balere mpaka m'milomo mwa kapu. Iye kumwa mothamanga, kuwerama, uyo wapita, chakudya chili pamoto! Mpaka lero amayi akufunsa ngati m'nyumba mwathu mukununkha."

"Dilnoza anali pano m'mawa," anatero apulofesa. "Nayenso akufuna mnzake wina."

"Iyeyo? Chifukwa?"

"Kamufunse. Ukabwera ndi yankho ndikusinthira."

Zinamuwawa Seul-gi kuti nayenso akukanidwa, koma chidwi chinaposa mkwiyo. Anakamupeza Dilnoza, yemwe anali wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, atakhala pamasitepe a laibulale.

"Achemwali, munathawiranji kwathu?"

"Kuthawa? Amayi ako ndi amene anandithamangitsa."

"Amayi anga? Aja anadzuka m'mamawa kukuphikirani?"

"Kwathu ukamudzazira mlendo tiyi, wamuuza kuti imwa uzipita, ndilibe nthawi yokuthirira kawiri. Amene ukumufuna umamuthirira pang'ono, kuti uzimuthiriranso, akhalitse." Dilnoza anayang'ana pansi. "Ndinalira m'basi njira yonse."

Seul-gi anangoti kukamwa yasa. Anakumbukira tsiku lija, dzanja la Dilnoza likubwerabwera ndi ketulo, iye n'kumafufuma nayo mtima. Manyazi anamugwira.

"Ndiye kasanu kaja..."

"Ndinkafuna kufika kakhumi. Koma unanyamuka nkhope ili ngati waluma ndimu."

"Ndinkati ndinu womana!"

"Ine ndinkati amayi ako ndi ankhanza aulemu."

Anaseka onse, ndipo Seul-gi anayamba kufunsa: nanga mkate, nanga nsapato, nanga popereka moni? Kalasi yake ya masamu inayamba iye akadafunsabe. Kwa apulofesa sanabwerereko.

Lamlungu masana Dilnoza anafikanso kwa a Pyo. Amayi a Seul-gi, omwe anali atauzidwa zonse, ananyamula ketulo, n'kuthira pang'ono, n'kuimitsa movutikira.

"Mwana wanga, izi zikundipweteka mtima," anatero. "Aneba akaona ati ndasanduka mfiti."

Dilnoza anamwa, iwo n'kuthiranso. Anamwanso, iwo n'kuthiranso, Seul-gi akuwerenga chamumtima. Kenako amayiwo anabweretsa mbale ya mpunga yodzaza mpaka kutumphuka, n'kuikhazika pamaso pa mlendo.

"Tiyi ndatsata zakwanu. Mpunga ndi zakwathu. Ukayesa kunyamuka, nsapato zako ndabisa."

Dilnoza anamaliza mpunga wonse. Kenako anakankhira kapu yake patsogolo, ndipo amayi anathira kachikhumi.