Mkonono wa m'chipinda cha makompyuta

Waya, katswiri wa makompyuta pakampani yogulitsa matayala, ankadana ndi zinthu ziwiri: kuzizira kwa m'chipinda cha makina, ndi nkhani yoti iye amaliza mkonono akagona. Zaka khumi zonse za banja lake ankakana kwamtuwagalu.

Za kuzizirazo anazipezera nzeru. Analemba kapulogalamu kolandira mawu pa intaneti n'kuwapereka kwa kompyuta ngati lamulo, osafunsa n'komwe kuti watumiza ndani. Akatero ankakhoma chitseko, n'kutulukira pawindo kukawothera dzuwa kwa ometa tsitsi. Abwana akagogoda, kamera inkamuonetsa pafoni, iye n'kutumiza lamulo, sipika ya m'katimo n'kuyankha ndi mawu ake ojambuliratu kuti watanganidwa. Nthawi zina inkatsokomolanso.

Koma munthuyu pakamwa sipankakhala chinthu. Anaonetsa mkazi wake zonse, pofuna kutamidwa. Mayiyo atafunsa kuti nanga wina atatumiza lamulo lake zingathe bwanji, Waya anaseka n'kunena kuti zimenezo n'za anthu ophunzira.

Lachiwiri masana, kamera inamuonetsa ofesi yonse itaunjikana pachitseko. Anathamanga n'kulowera pawindo paja. M'chipindamo sipika inali kubangula ngati jenereta yotha, ndipo kumapeto kwa mpweya uliwonse kunkamveka kakhweru. Pakompyuta panali lamulo losalemba iye, lokatenga mawu kwina n'kumawabwereza osaleka. Wotumizayo anali atawapatsa dzina loti "umboni".

Anazimitsa sipika, n'kutsegula chitseko. Kumbuyo kwa abwana kunali mkazi wa Waya, atanyamula kontena ya chakudya, nkhope ili phee.

Abwana anati phokosolo latha ola lathunthu, mpaka makasitomala ena afunsa ngati kampani yayamba kuweta nkhumba. Anamukumbutsanso malamulo: wogona pantchito amalandira kalata yochenjeza, koma wothawa pantchito amachotsedwa tsiku lomwelo. Waya anachita manyazi, thukuta lili kamukamu ngakhale kumbuyo kwake kunkachokera mphepo yozizira. Kuti akane mkonono, anayenera kuulula kumene anali.

"Ndiye tiuzeni, bambo," anatero abwana. "Mkonono umenewu ndi wanu?"

"Ndi wanga, bwana."

Mkazi wake anaika kontena ija pansi, n'kutulutsa foni yake mosapupuluma.

"Pepani bwana, abwerezeko pang'ono. Sindinajambule."