Mwala pa Chitunda cha Kumanda

Bonifasio, makaniko wa pa Mayani, anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giya, n'kukapukutira pa kansalu koyera, kenaka n'kununkhiza. A Timoteyo anali chiimire pa ndodo zawo, akumuyang'ana kumaso ngati wodwala pamaso pa dokotala.

Oyiloyo amayenera kukhala wofiira. Uyu anali wakuda bii, wonunkha ngati nyemba zopserera, ndipo padzuwa munkanyezimira tizidutswa ta chitsulo.

Galimoto yotere inali imodzi yokha m'dera lonselo, yopanda kalachi, yosintha yokha magiya. A Timoteyo anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene mgodi unawadyera mwendo wakumanzere. Anthu ankaiseka kuti ndi galimoto ya alesi, koma kwa eni ake inali mwendo. Ikanafa, akanangobindikira m'nyumba kuseri kwa phiri la Mphunzi, m'mudzi momwe anali mkamwini chabe. Akazi awo, a Dorika, anali atagona kumanda zaka ziwiri, ndipo ana analibe. Lachitatu ankapita kumsika wa Mayani, khadi lachipani lolowera mumsika lili m'thumba, kukasewera bawo ndi anzawo. Lamulungu ankapita kutchalitchi. Masiku ena onsewo ankalankhula ndi nkhuku.

Tsopano galimotoyo inkanyamuka monyinyirika, makamaka pokwera, ngakhale pachidikha inkathamanga bwinobwino. Bonifasio analiza injini, anaponda buleki, n'kulowetsa giya. Pansi panamveka phokoso ngati la timiyala m'chitini. Atachotsa giya, phokoso lija linatha. Anabwereza katatu asanatsegule pakamwa.

Anafotokoza kuti pakati pa injini ndi giyabokosi pali chimphika chachitsulo chotchedwa konveta, chodzaza oyilo, chokhala ndi zipupa zozungulira m'kati. China chimaponya oyilo, chinzake n'kumazungulira, basi galimoto yayenda. Koma injini ikamakankha galimoto ili chiimire, oyilo amawira ndipo zam'katimo zimadyana. Anawafunsa ngati anatitimirapo m'matope, kapena ngati ankasenzetsa galimotoyo matumba a mbatatesi. A Timoteyo anakana zonse, mpaka anapsa mtima pang'ono, chifukwa galimotoyo ankaisamala koposa thupi lawo.

"Ndiye tiyeni, bambo, mundiyendetse momwe mumayendera Lamulungu," anatero Bonifasio.

Njira ya kutchalitchi inali ndi chitunda chimodzi chokha, pambali pa mitengo yowirira ya kumanda. Atafika pakati pa chitundacho, phazi la a Timoteyo linachita zimene linazolowera mwini wake asanaganize. Galimoto inaima, osakwera, osabwerera, injini ikubangula. Handibuleki inaduka kalekale, ndipo munthu wa phazi limodzi akachoka pa buleki kupita pa moto, galimoto imayamba yabwerera kaye kuphompho. Choncho ankangoigwira ndi moto.

Fungo lopserera lija linalowa m'galimoto. Bonifasio anayang'ana phazi, anayang'ana mitengo, n'kufunsa motsitsa mawu kuti amaima pamenepo nthawi yaitali bwanji.

A Timoteyo anachita manyazi ngati agwidwa ndi mkazi wa mwini. "Mpaka kolona ithe," anayankha. "M'mitengomo salowa wamba popanda maliro, komanso ndodo zangazi sizingakwere. Ndiye a Dorika ndimawaonera pompano."

Bonifasio anatsika. Anagubuduza chimwala kuchokera m'mbali mwa njira, n'kuchikhazika kumbuyo kwa tayala lakumanzere, pamene ngolo sizidutsa. Anawauza kuti aileke galimoto itsamire pamwalapo, azimitse injini.

Kenaka anawauza zoona. Konveta ina ku Dedza kunalibe, ku Lilongwe kunalibe, ndipo chilekere ndege za Wenela zonyamula anthu a kumigodi panalibe woti n'kumutuma ku Joni. Oyilo akanasintha, koma chodyeka chinali chitadyeka. Zitunda zoti ikwere zinatsala zowerengeka, ndipo njira ya ku Mayani inali ndi zitunda zisanu.

"Musankhe nokha kokaithera, bambo."

Lachitatu anzawo a pa bawo anawasungira malo mpaka dzuwa litapendeka. Wina anaseka kuti galimoto ya alesi yapatsira mwini wake ulesi, masewera n'kupitirira.

Lamulungu a Timoteyo anakwera chitunda chija pang'onopang'ono, anamva tayala litagunda mwala, n'kuzimitsa injini. Kunali zii. Zaka ziwiri zonsezo ankapemphera m'kati mwa phokoso, ndipo leroli mawu awo anawamva okha, mawu a nkhalamba yosungulumwa. Anachita mantha.

"A Dorika, ndine," anatero. "Lero sindikufulumira."

Anatha kolona, n'kuyambanso ina. Kumsika wa Mayani sanapitenso.