Mango a Eni Ake

"Simbiyo mwaithira makala a ndani?" anafunsa Marcelina ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

Amuna ake, a Nebert Chikaonda, sanacheuke n'komwe. Anali kalikiliki kusita malaya oyera patebulo uku akuimba mluzu. Linali Loweruka m'mawa, tsiku limene mphunzitsi wanzeru zake amakhala pakhonde n'kumapumitsa miyendo.

"Makala ndi a m'nyumba muno, amake Lexon. Ndikupita ndi ana ku City Centre."

"Ndi ana okha?"

"Ndi ana, ndi a Msowoya."

"Eya, ndimadikira dzina lomwelo."

A Chikaonda anali ataphunzitsa mbiri yakale ndi siviki zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, zambiri mwa zakazo pasukulu ya pulaimale ya ku Old Town, kumene ankakhala m'nyumba ya aphunzitsi. Kunena zoona, ntchitoyo inali itawafera m'manja kalekale. Ankalowa m'kalasi la Sitandade 7, kudzaza bolodi ndi manotsi a m'kope lachikasu, n'kukhala pansi kumawodzera ana akukopera. Kunyumba ankangofikira pampando. Marcelina ankadandaula kwa aliyense kuti anakwatiwa ndi mpando.

Ndiye likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Malole anabwera ndi mafailo, mabedi ndi ana a anthu a m'boma, ndipo sukulu inadzaza mpaka m'mawindo. Pamodzi ndi anawo panabwera mphunzitsi wamkazi, Phyllis Msowoya, wa ku Rumphi, wosakwatiwa, yemwe ankakhala kwa achimwene ake ku Area 10. Tsiku lina mwana wina wochokera ku Zomba ananena m'kalasi kuti ku Lilongwe kunalibe kanthu makatapila asanabwere, kunali tchire ndi afisi basi. A Chikaonda zinawapweteka. Anakadandaula mu stafurumu, ndipo Phyllis anangoti, "Nanga bwanji osakawaonetsa?"

Kuyambira pamenepo munthu uja anadzuka. Anayamba kubwereka mabuku, kufunsa okalamba a kumsika, kumeta ndevu tsiku ndi tsiku. Koma abale, dzina lija! "A Msowoya akuti ana amagwira msanga akaona ndi maso." "A Msowoya aseka kwambiri lero." Pa chakudya chilichonse Marcelina ankameza dzinalo pamodzi ndi ndiwo. Zaka zonsezi iye analephera kuwadzutsa pampando, ndiye kamtsikana ka nsapato zazitali kangobwera miyezi iwiri, munthu wayamba kuimba mluzu. Nsanje inkamudya usana ndi usiku.

A Chikaonda atangotuluka, kunabwera Adija, mayi wogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu.

"Anzanga, ine sindikonda kuyankhula za eni," anatero Adija, yemwe ankakonda zimenezo kuposa chilichonse. "Koma Loweruka lapitali ndinawaona akutsika basi. Aphunzitsi ananyamula kathumba ka mango, n'kumupatsa uja ndi manja awiri. Mango ake aja aataliatali, ofiira kumutu. Kuno anabweretsako angati?"

Marcelina anakumbuka Loweruka limenelo. Amuna ake sanabweretse ngakhale limodzi. Ndipo iye ankadziwa bwino lomwe kuti kumene kukumangidwa City Centre, mango otero ali mumtengo umodzi wokha.

Kumeneko kunali kwawo. Anabadwira komweko, ndipo a Chikaonda anakhalako zaka zisanu pachikamwini asanapatsidwe nyumba ya sukulu. Zaka zinayi zapitazo mudziwo unasamutsidwa kuti papite misewu ndi maofesi. Mayi ake a Marcelina anakwezedwa pa lole pamodzi ndi mitondo ndi nkhuku zawo, ndipo kumalo atsopanowo sanathe chaka, anamwalira. Marcelina analumbira kuti sadzapondanso pabwinjapo, ndipo anauza amuna ake kuti asadzamutchulirenso za kumeneko.

Anamanga chitenje mwamphamvu, n'kufunda mpango.

"Mukupita kuti?" anafunsa Adija, maso akuwala.

"Kukaona mango."

M'basi anakonzeratu mawu onse. Ankafuna kumuyalutsa mtsikanayo pamaso pa ana, kuti adziwe kuti amuna a eni ali ndi eni ake. Zakuti nkhaniyo ikafika kwa ahedi ikhoza kuwavuta amuna ake anaziganizira pang'ono, n'kuzitaya pawindo.

Atatsika, anaima kaye kukamwa kuli yasa. Fumbi lofiira linali paliponse. Pamene panali madimba panadutsa msewu wa tala wotakata, ndipo nyumba zosanjikiza zinali zitazingidwa ndi mitengo ya amisiri. Sanazindikire kanthu mpaka pamene anauona mtengo uja, uli wokhawokha kuseri kwa mulu wa njerwa. Pansi pake panakhala ana oposa makumi atatu, makope ali pamaondo. Marcelina anabisala kuseri kwa njerwazo.

A Chikaonda anali chiimire, manja akuuluka uku ndi uku.

"Tsekani maso!" ankatero. "Tsekani, iwenso Ursula. Wamva katapila uyo? Muchotse. Ikapo mtondo. Amayi atatu akusinja, gu, gu, gu. Uko kukuchokera ng'ombe. Apa pomwe wakhala iwe pankadutsa njira ya kumsika, anthu atasenza fodya ndi mtedza. Tsopano tsegulani maso. Ndani akuti kuno kunali tchire?"

Ana anaseka, ena anaomba m'manja. Mawu amenewo Marcelina ankawadziwa. Anawamva komaliza iwo akumufunsira, pansi pa mtengo womwewu. Ndipo apo panali Phyllis, atatsamira thunthu la mtengowo, diresi la buluu, akumwetulira. A Chikaonda akamaliza chiganizo ankaponya diso kwa iye kaye, kenako kwa ana.

Ursula, mtsikana wamaso akuthwa, anakweza dzanja. "Sala, nanga mtengo uwu anabzala ndani?"

"Funso labwino. Mitengo yotere imangomera yokha pamene anthu ankataya zinyalala. Mwini wake sadziwika." Anatola bango limodzi lakupsa, kulipukuta pa malaya oyera aja, n'kupatsa Phyllis.

"Sadziwika?"

Marcelina anali atatuluka kale kuseri kwa njerwa. Ana onse anatembenuka.

"Amake Lexon," anatero a Chikaonda. "Mwabwera bwanji kuno?"

"Ndabwera pa basi, ngati inuyo. Inu mayi, ikani pansi bangolo. Ikani pansi! Simunakhute a sabata yatha? Mwalanda amuna a eni, tsopano mukufuna mudye ndi mudzi womwe?"

Ngakhale amisiri a pafupi anasiya kuponyerana njerwa. Phyllis anawerama, n'kuika bangolo pansi pang'onopang'ono.

"Mayi, pali ana pano," anatero motsitsa mawu.

"Anawo amve! Akuwaphunzitsa bodza. Inu bambo a Lexon, munabwera m'mudzi muno ndi kasutikesi kamodzi, lero mwasanduka mwini mbiri? Mtengo uwu sunamere pa zinyalala ayi. Mchombo wanga utagwa, mayi anga anaukwirira apa, n'kubzalapo mango kuti malowo asadzaiwalike. Ine ndili pansi apa! Ndiye inu mukuthyola n'kumapatsa alendo, ine osandibweretsera ngakhale lowola."

Misozi inayamba yokha. Zimenezi sizinenedwa pagulu, ndipo mwamuna sauzidwa. A Chikaonda anakhala m'mudzimo zaka zisanu, anadya mangowo chaka ndi chaka, koma za m'chikuta akanazimva kwa ndani? Anayang'ana mtengo, n'kuyang'ana akazi awo.

"Sindinkadziwa," anatero. "Munandiletsa kutchula za kuno. Ndikanabwera nawo bwanji mangowo kunyumba?"

"Koma kwa iwo munatha kuwanyamula ndi manja awiri."

Pamenepo a Chikaonda anangotembenukira kwa ana, ndipo kutembenuka kumeneko kunamupweteka Marcelina kuposa zonse.

Phyllis anasonkhanitsa ana. "Imirirani awiriawiri, tikakwere basi." Podutsa pafupi ndi Marcelina anapinda maondo pang'ono. "Pepani mayi chifukwa cha mango. Koma zinazo mwandinamizira."

Ana makumi atatu ndi pakamwa makumi atatu. Pofika Lamulungu nkhani inali itazungulira Old Town yonse, kukwera ku Area 3, mpaka kukalowa m'mageti a ku Area 10. Lolemba makolo awiri anafika ndi galimoto kudzafunsa ahedi ngati ana awo amapita kukaphunzira kapena kukaonera ndewu za m'banja. Ahedi analetsa maulendo onse. Lachitatu Phyllis sanabwere. Achimwene ake anali atamupezera malo pasukulu ina yatsopano kufupi ndi kwawo.

"Mwapambana anzanga!" anatero Adija. "Ndimomwe amachitira mkazi weniweni."

Marcelina anayembekeza kuti mtima ukhala pansi. A Chikaonda sanamukalipire, sanamufunse kanthu. Ankabwera kuchokera kusukulu, kupachika jekete, n'kukhala. Mabuku obwereka aja anabweza. Ndevu zinayambanso kumera. Dzina la a Msowoya silinamvekenso m'nyumbamo, koma panalibenso dzina lina lililonse limene linamveka.

Patapita sabata ziwiri, Marcelina akuchokera kuchigayo anadutsa kuseri kwa kalasi la Sitandade 7. Anamva choko chikukwekwesa bolodi. Anasuzumira pawindo. Amuna ake anamaliza kulemba, anakhala pansi, n'kugwira chibwano. Ursula anakweza dzanja nthawi yaitali, koma iwo sanamuone, mpaka mwanayo anatsitsa yekha.

Marcelina anatula ufa pansi pa windo. Anachita manyazi, manyazi enieni oyabwa thupi lonse. Amene anapha munthuyu kachiwiri anali iye.

M'mawa mwake anavala chitenje cha kutchalitchi n'kupita ku ofesi ya ahedi. Anagwada, anapepesa, kenako ananena chimene anabwerera. Ahedi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi Chikaonda, inu nomwe?"

"Ine ndemwe. Sinditukwana munthu."

"M'kalasi mokha. Kunja kwa mpanda ayi."

Atagogoda pachitseko cha Sitandade 7, a Chikaonda anatsegula n'kubwerera m'mbuyo.

"Mwabweranso kudzatani? Amene munkamufuna uja anapita."

"Ndabwera kwa ana. Munawauza kuti njira ya kumsika inkadutsa pansi pa mtengo. Inkadutsa kumusi, kuchitsime. Pansi pa mtengo pankadutsa mbuzi."

Ana ena anabisa nkhope m'makope kuti asaseke. A Chikaonda anapatuka pakhomopo.

Marcelina anaima kutsogolo. Iye sukulu analekeza Sitandade 3. Anayamba ndi kupepesa chifukwa cha mawu oipa amene ananena tsiku lija, ndipo anati Madamu Msowoya sanalakwe kanthu. Mawu amenewo anatuluka movuta ngati minga ya nsomba. Kenako anayamba kutchula nyumba za m'mudzimo imodziimodzi, kuyambira kumtunda: ya a Bauleni osula makasu, ya Emmie wophika mowa, ya mayi ake. Ananena za chaka chimene dzombe linadya mapira, ndi za tsiku limene anthu ovala zipewa anabwera kudzakhoma zikhomo zofiira m'minda.

"Nanga manda anawatani?" anafunsa Ursula.

"Manda anawasiya. Kankhalango kaja munakaona kuseri kwa maofesi, ndi komweko. Agogo anga ali mmenemo, akuonera magalimoto."

Manja anakwera kalasi lonse. Marcelina atacheuka anaona amuna ake ali pabolodi, afufuta manotsi onse, akujambula mudziwo mothamanga, choko chikuthyoka m'manja.

"Chitsime apa? Kapena apa? Nenani, amake Lexon! Ana inu, mukumva? Izi simuzipeza m'buku lililonse!" Nkhope yawo inali itawala. Anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino chojambulacho, n'kupukusa mutu mokondwa. "Ha! A Msowoya akanakhala pano, bwenzi..."

Anadziluma lilime. Kalasi lonse linayang'ana Marcelina.

Dzinalo linamubaya pomwe paja, ndipo anadziwa kuti lidzamubayabe mawa ndi mkuja. Anapita pabolodi, anagwira dzanja la amuna ake lomwe linali ndi choko, n'kulitsitsa pang'ono.

"Chitsime chinali apa," anatero. "Funso lina, ana inu."