Nyemba Zofiira pa Katoni

Kezia Mhango anali atatsimikiza kale mumtima kuti Lachisanu limeneli ndi lomaliza kuponda pasukulu. Chidwalireni kolera mlongo wake wamng'ono, Thumbiko, anzake a Sitandade 6 ku Mlowe ankamulambalala ngati ndowe zapanjira. Mwanayo anachira kalekale, anali atayambanso kuba mango, koma zimenezo palibe ankazifunsa. Muriel, mtsikana wapakamwa kuposa onse m'kalasimo, anamupatsa Kezia dzina loti Kolera, ndipo linagwira tsiku lomwelo. Zinkamupweteka kwambiri. Bola kukayanika usipa ndi azakhali ake, poti usipa suseka munthu.

Itatsala piriyodi imodzi, Madamu Chikhwaza analowa atanyamula makatoni. Anali a ku Dedza mayiwa, ndipo Chitumbuka chawo chinkayambira pa "yewo" n'kuthera pa "chomene". Pakatoni iliyonse anajambulapo midzi isanu ndi itatu yolumikizidwa ndi misewu.

"Nyemba zofiirazi ndi matenda," anatero. "Zikakwana zinayi m'mudzi umodzi, zimasefukira m'midzi yoyandikana nawo. Inu ndinu zitsekerero za mabotolozi. Makadi anu ndi sopo, klorini ndi thanzi ORS, ndipo khadi lililonse limachotsa nyemba imodzi pamudzi umene mwaima. Mumawina nonse, kapena mumaluza nonse."

Ana anakhala atatuatatu. Kezia anatsala yekha, choncho Madamu anamuika pakatoni ya Muriel ndi Hopeson, katswiri wa bawo. Muriel anasuntha n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa benchi.

Mawu omaliza a Madamu aja analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ana okulira pa bawo amadziwa chinthu chimodzi, kudya za mnzako. Hopeson anabisa makadi ake m'malaya, n'kukhazikika pamudzi wopanda nyemba ndi imodzi yomwe. Nyemba zitayamba kugwera mudzi wapakona, Muriel anakuwa.

"Kumeneko yayi! Asiyeni okha, asatipatsire!"

Anawasiyadi okha. Nyemba zinakwana zinayi, zinasefukira uku ndi uku, ndipo posakhalitsa katoni yonse inali psuu.

"Ndiye wawina ndani, Madamu?" anafunsa Hopeson, makadi ake onse akadali m'malaya.

"Nyemba," anayankha Madamu. "Yambiraninso."

Ulendo wachiwiri nyemba zinagweranso pakona pomwepo. Kezia sankafuna kuyankhula, koma mawu anangotuluka okha.

"Mukawathawa, ena akadwala sanena. Kwathu tinamubisa Thumbiko kuyambira m'mawa mpaka madzulo chifukwa choopa anthu. Pofika kuchipatala maso anali atalowa m'kati."

Anayala makadi ake poyera, n'kukankhira chitsekerero chake m'mudzi wa nyemba zitatu uja. Anachotsapo imodzi. Kenako anatambasula dzanja.

"Hopeson, ine sopo wandithera. Bweretsa klorini."

Hopeson anakanda mutu, anayang'ana katoni, n'kuona kuti mtsikanayu akunena zoona. Anatulutsa makadi m'malaya muja, ofunda ndi thukuta. Muriel naye anaponya ake pakati. Anayamba kuwerengera limodzi: iwe pita uko, ine nditseka kuno, thanzi m'sungire Kezia. Belu linalira kutatsala nyemba ziwiri zokha, ndipo Hopeson anadandaula ngati wamulanda chakudya pakamwa.

Anzawo atatuluka, Muriel anatsalira. Ankatola nyemba imodziimodzi kuika m'chitini.

"Kezia," anatero motsitsa mawu, koyamba kumutchula dzina lake lenileni pamilungu itatu. "Amama akutsegula m'mimba kuyambira m'mamawa. Madzi okhaokha. Adada akuti tisauze munthu, tingasanduke ngati a kwanu."

Mtima wa Kezia unatentha. Anali ndi mawu ambiri amene anawasungira mtsikana ameneyu, ena akuthwa bwino, ndipo mpata unali womwewu. Koma anakumbukira mmene Thumbiko analemerera kumsana tsiku lija, mutu uli lende. Anamugwira Muriel pamkono n'kumukokera kutebulo la Madamu.

Madamu Chikhwaza sanafunse kawiri. Anatenga foni n'kuimbira mlangizi wa zaumoyo kuti apeze njinga yamoto msanga. Ali mkati moyankhula, Kezia anatembenuza chikhatho cha Muriel n'kuyamba kulembapo ndi bolopeni.

"Ngati kwanu kulibe thanzi, lita imodzi ya madzi, timasupuni sikisi ta shuga, theka la kasupuni ka mchere. Azimwa pang'onopang'ono mpaka njinga ifike. Akasanza, dikira pang'ono, uwapatsenso. Ndipo usambe m'manja ndi sopo, wamva?"

"Enya." Muriel anafumbata dzanjalo, misozi ili chuchuchu. Atafika pakhomo anatembenuka. "Lolemba ubwera? Ndilibe wina woti ndidzamuuze za amama."

"Ndibwera," anatero Kezia. "Tathamanga iwe. Madziwo akhale owiritsa!"