Mauthenga Odzifufuta Okha

Mayi wosoka zovala uja anamva za imfa ya mwamuna wake pa Fesibuku. Anali pamakina, akupinda siketi ya kasitomala, pamene mnzake wosoka naye anagwetsa sizasi n'kumuyang'ana ngati waona njoka m'nyumba. Pafoni ya mnzakeyo panali chithunzi cha mwamuna wake, ndipo pansi pake mlamu wake, mng'ono wa mwamunayo, anali atalemba kuti: "Achimwene atisiya." Anthu makumi anayi anali atapepesa kale.

Mwamunayo anakomoka m'kashopu kake kokonzeramo makompyuta, ndipo pofika kuchipatala n'kuti atatsirizika. Mlamuyo anali naye m'galimoto. Koma m'malo moyamba wadziwitsa mkazi wa malemu, chala chinathamangira kuuza dziko.

Chowawa n'chakuti malemu sankafuna kumva n'komwe za masamba amchezo. Ankati kumeneko munthu umadzivula wekha pamsika, kenako n'kumadabwa kuti anthu akukuloza. Ngakhale kompyuta yake sinali ya Windozi ngati za anthu onse. Ankagwiritsa ntchito pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linakisi, ndipo abale awiriwa akakumana Lamlungu, mkangano unali womwewomwewo.

"Achimwene, chinthu chanucho chimamva inu nokha," ankatero mng'onoyo. "Mukadzadwala adzatsegula ndani?"

"Chakocho ndi nyumba ya lendi," ankayankha mkuluyo. "Umangodzuka n'kupeza mwini wake wasuntha mipando."

Mayiyo ankangoseka akutsuka mbale. Ngakhale tsiku limene mwamuna wake anamuikira pafoni pulogalamu yolemberana mauthenga odzifufuta okha pakatha masiku asanu ndi awiri, iye sanatsutse. "Zokamba awiri zizithera pa awiri," anatero bamboyo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Patapita milungu iwiri, abale atabalalika ndipo nyumba itangoti zii, mayiyo anakumbukira kuti m'mawa wa tsiku la imfa mwamuna wake anamutumizira uthenga wa mawu. Sunali wa nzeru ayi. Ankangodandaula kuti waiwala magalasi pawindo la kubafa, n'kuseka yekha kumapeto. Mayiyo anakhala pabedi, natsegula foni kuti amvenso kasekedwe kaja. Anapeza poyera. Panalibe mawu, panalibe chilembo, ngati anthu awiriwa sanalankhulanepo chibadwire.

Analira kuposa mmene analirira kumanda, koma kulira kwake kunali kwa mkwiyo. "Nzeru zanuzo," ankatero, akulankhula ndi pilo. "Mwabisira dziko lonse, mpaka mwabisira ine ndemwe."

M'mawa mwake anapita kukashopu kaja pamodzi ndi mlamu wake. Kanali kopanikizika, pakati pa malo ometera ndi sitolo ya utoto. Pamashelefu panali makompyuta otsegulidwa mimba, zingwe zopiringizana, ndi kabotolo kodzaza timasikuluwu. Kapu ya malemu inali pomwe anaisiya, tiyi ataumira pansi.

"Alamu," anayamba mng'onoyo, "kompyuta yaikuluyi tiifufute, tiikemo Windozi, ana aziphunzirira. Koma tisanatero tione zili m'katimo. Ine sindikunena kanthu, koma munthu wokiya zitseko zonse chonchi... pofuka utsi pamakhala moto."

Mayiyo anayandikira kompyutayo. Mawu achinsinsi otsegulira ankawadziwa. Mwamuna wake anamuuza kalekale, koma iye anali asanawayesepo. Anakoka mpando, nawalemba ndi chala chimodzi. Kompyuta inatseguka.

Munalibe mkazi wachibwenzi. Munalibenso mauthenga aja, ngakhale mtima wake unkayembekeza kuti mwina akhala penapake. Munali mafoda ambirimbiri, foda iliyonse ili ndi dzina la kasitomala. Malemu ankati akamakonza makina a munthu, ankayamba wasunga katundu wa m'katimo kuti asatayike.

Mlamuyo anawerama, nagwira mbewa ya kompyuta, natsegula foda ya mphunzitsi wina wa m'dera lomwelo. Panatuluka zithunzi, kenako kalata ya kuchipatala.

"Eee! Ndiye kuti aphunzitsi aja amadwala..."

"Chotsani dzanja, alamu."

"Ndimangoona chabe."

"Ndati chotsani dzanja!" Mawu ake anamveka mpaka kometera, makina ometera anazima. "Ine imfa ya mwamuna wanga ndinaimva nditagwira siketi ya munthu, anthu makumi anayi atadziwa kale. Munandimana ngakhale munthu woti andikhazike pansi, andigwire paphewa. Lero mukufunanso kuyamba ndi aphunzitsi?"

Mlamuyo anaimirira, pakamwa pali yasa. Anali munthu wamkulu, wa ana atatu, koma anaoneka ngati wachepa m'malaya ake.

"Mutu unaima, alamu," anatero motsitsa mawu. "Ndinawagwira m'manja mwangamu akuzizira. Kukuimbirani ndinaopa. Ndinalemba paja chifukwa polemba sumva kulira kwa munthu."

Panja galimoto yonyamula zinyalala inadutsa, ikuliza belu. Mayiyo sananene kuti wakhululuka, ndipo mlamuyo sanapemphe. Pamapeto pake mayiyo analoza mashelefu aja.

"Makina alionse ali ndi nambala ya mwini wake pakapepala. Ine ndiziimba. Inu mumadziwa zokopera, muzipatsa munthu aliyense zake, kenako tizifufuta. Koma osatsegula."

Ntchitoyo inawatengera masiku anayi. Mlamuyo ankang'ung'udza kuti Linakisi imabisa chilichonse kumene munthu sangaganize, koma pofika tsiku lachiwiri zala zinazolowera. Akamakopera foda, ankatembenuzira nkhope kukhoma mpaka ithe. Anthu ankabwera, n'kupepesa, n'kunyamula makina awo. Mphunzitsi uja anafunsa mwamantha ngati wina waona zake. Mayiyo anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti mlamu wake anaona zithunzi ndi kalata imodzi, ndipo sizidzatuluka pakhomo pamenepo. Mphunzitsiyo anayang'ana mlamuyo, mlamuyo anagwedeza mutu, ndipo anasiyana choncho.

Womaliza kubwera anali mkulu wina amene kale ankayendetsa basi. Makina ake anali laputopu yosweka pakati, yoti singadzukenso.

"Inali ya mwana wanga wamkazi," anatero. "Anatisiya chaka chatha. Amuna anu anati ayesa kupulumutsa zithunzi."

Foda yake inalipo. Mlamuyo anatenga kafulashi, kachipangizo kosungiramo za pakompyuta, kuti akopere, koma mkuluyo anakweza dzanja.

"Kameneko ndikaika pati, mwanawe? Kwathu kulibe kompyuta. Ndipo maso anga pafoni saona."

Mayiyo anayang'ana pulinta imene inali pakona, yofundidwa nsalu yomwe anasoka yekha. "Kodi iyi ikugwira?" anafunsa.

Inkagwira. Mkuluyo anakhala pampando wa malemu, navala magalasi, nayamba kusankha yekha zithunzi, akutchula kumene chilichonse chinajambulidwa. Anasankha makumi awiri ndi zitatu. Inki yofiira inatha panjira, choncho zinayi zomaliza zinatuluka zobiriwira, koma iye anati zilibe kanthu, nkhope ikuoneka. Mayiyo anazisanja bwino, naziika mu envulopu yaikulu, namuperekeza mpaka pamsewu chifukwa mkuluyo ankayenda movutika.