Zenera Loyang'ana Kumsika

Titafika pahotela ija, amayi anafunsa funso limodzi lokha.

"Chipindacho chili ndi zenera?"

Bambo wa pakauntala, amene makiyi a nyumba yonse ankalendewera m'chiuno mwake, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mitengo ya zipinda yolembedwa pakhoma.

"Lilipo, amayi," ndinatero.

"Zili bwino. Chipinda chopanda zenera n'cha nkhuku."

Bambo uja anatsokomola pang'ono n'kundipatsa kiyi.

Chimene chinatibweretsa mumzindamo ndi diso la amayi. Lakumanzere linafa ine ndili wamng'ono. Lakumanja linachita ng'ala pang'onopang'ono ndili kuyunivesite, moti tsiku lolandira digiri amayi analulutira mtsikana wina wovala mkanjo ngati wanga. Tsopano linkangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Achipatala cha maso anati abwere adzachotse ng'alayo, agone pafupi, m'mawa mwake abwerenso adzamatule bandeji ndi kulandira mankhwala odontheza. Pabanja pathu wosagwira ntchito ndinali ine, choncho woperekeza sanavute kupeza.

Hotelayo inali pamwamba pa sitolo ya mapoto ndi mabeseni, m'mphepete mwa msika waukulu. Ogonamo ambiri anali amalonda, anthu amene sagona kutali ndi katundu wawo. M'khonde lopita kuzipinda munali matumba osanjikizana mpaka kudenga, ndipo munthu ankadutsa chopendekeka. Chipinda chathu kwenikweni chinali theka la chipinda. Winawake anachigawa pakati ndi matabwa osafika kudenga, ndipo pamwamba pa matabwawo pankalendewera babu limodzi lounikira mbali zonse ziwiri. Swichi yake inali mbali inayo.

"Mukafuna getsi muzigogoda," anatero mawu a mzimayi kuseri kwa matabwa, tisanakhazike n'komwe chikwama pansi. "Mukafuna mdima muzipemphera kuti ndigone msanga."

Anali mayi wogulitsa anyezi, ndipo fungo lake linatipeza mawu ake asanafike. Pomwe ndinkamaliza kuyala bedi, iye ndi amayi anali akuitanana kale kuti achemwali. Amayi anamuuza za diso, za malemu abambo ndi za sukulu yanga, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linali a Digiri.

Opaleshoni inachitika m'mawa mwake. Masana tinabwerera kuhotela, diso la amayi litaphimbidwa ndi thonje, kachigoba ka pulasitiki ndi pulasitala. Tsopano sankaona ngakhale kuwala kuja. Ndinawagoneka chagada monga anatiuzira namwino. Kunkatentha moti khoma linkachita ngati likutuluka thukuta, koma kafani ka mayi wa anyezi kankaponya mpweya pamwamba pa matabwa.

"Kamphepo kabwino ka pazenera," anatero amayi.

Atagona tulo ndinachapa zovala zathu, ndipo bambo wa makiyi anandilozera masitepe opita padenga, komwe kunali zingwe zoyanikira. Ndinakankha chitseko chachitsulo n'kuima pomwepo, beseni lili m'manja.

Msika uja tinaudutsa dzulo lake ndikuyang'ana pansi, kuopa kuti amayi angaponde m'ngalande. Sindinadziwe kuti unalibe mapeto. Malata adzimbiri anayalana mpaka kumtsinje, ndipo pakati pake maambulera ofiira, achikasu ndi amizeremizere anathithikana ngati mikanda m'mbale. Anthu ankayenda m'tinjira tosaoneka, moti chomwe ndinkaona ndi katundu yekha akuyandama: dengu la nanazi, mulu wa mipando yapulasitiki, galasi lalitali lonyamula mtambo. Kumtsinje mabwato ankatsitsa nthochi zosapsa. Phokoso lonse la pansipo likafika padenga linkasanduka liwu limodzi, ngati mvula ikubwera patali. Ndinawerengapo zambiri za misika m'kalasi, ndinajambulapo mizere yake pamayeso. Zovala ndinaziyanika zitayamba kale kuuma m'beseni.

Nditatsika ndinapeza amayi ali maso, ngati mawuwo ali oyenera.

"Kugona chagada kwanditopetsa," anatero. "Tandiuza zimene ukuona pazenerapo."

Ndinakhala pabedi moyang'ana khoma. Panali msomali, ndipo pambali pa msomaliwo panali nalimata. Ndinayamba kuwauza za maambulera, za nanazi zoyenda zokha, za galasi lija, za mabwato.

"Maambulera ofiira ali mbali iti?"

"Kumanja, kufupi ndi mtengo wa mgwalangwa."

"Nanga galasi lija lafika kuti?"

"Lakhota pakona, amayi."

Kuseri kwa matabwa bedi linalira. Mayi wa anyezi anali atabwera kudzapumula.

"Muli ndi mwayi, achemwali," anatero. "Zenera lanulo ndi labwino kuposa onse muno. Ine ndakhala ndikugona muno zaka zambiri, sindinalionepo lotere. A Digiri, auzeninso za mphunzitsi wa mbuzi uja."

"Uti?"

"Amene amaima pamlatho n'kumazilalikira zisanapite kokaphedwa. Simukumuona? Zenera lalikulu chonchi?"

Amayi anaseka atagwira tsaya kuti diso lisagwedezeke. Ine ndinayang'ana nalimata, ndipo naye anandiyang'ana.

Malole a anyezi amafika kukucha. Mayi uja anadzuka nawo, anazimitsa getsi, natseka chitseko chake ndi loko. Kutayera ndinafufuza masilipasi mumdima n'kutsika kukapempha madzi otentha a tiyi. Mzere unali wautali, chifukwa ketulo inali imodzi hotela yonse.

Pobwerera ndinasiya chitseko chotsegula kuti kakuwala kofooka ka m'khonde kalowe. Amayi anali atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala zonse, mpango kumutu, chikwama pamiyendo. Pulasitala ya patsaya inali itamatidwa mokhota.

"Mwakonzeka kale? Kuchipatala atsegula tikamwa tiyi."

"Sitikupita kuchipatala. Unditengere kudepoti."

"Amayi?"

"Ndasuzumira." Analankhula mofatsa, ngati akunena za munthu wina. "Ndinamva msika wadzuka, ndinadziwa kuti kwacha. Ndinatembenukira kuzenera n'kukweza thonjeli pang'ono. Palibe kanthu, mwanawe. Bii. Kale ndinkaona kautsi koyera, lero ngakhale kameneko kapita. Sindikufuna kuti kamnyamata kovala zoyera kakandiuze zimenezi pamaso pa anthu. Ndikakhale kwathu, kumene mapazi anga amadziwa njira."

Ndinaika makapu pansi. Namwino anali atanenetsa kuti diso likapanda kuonedwa tsiku limenelo ndi kulandira mankhwala, likhoza kutupa n'kuwonongekeratu. Amayi anga akanena kuti depoti, amakhala atakwera kale basi mumtima.

"Amayi, muno mulibe zenera."

Anatembenuzira mutu kukhoma.

"Mulibe. Getsi anazimitsa achemwali anu pochoka. Munali mdima woti ngakhale ine sindinkaona dzanja langa."

"Dzulo unali ndi zenera la maambulera. Lero diso langa lafa, zenera lasamuka." Anakoka chikwama pachifuwa. "Ndinakubereka ndine. Usandinyengerere ngati mwana wokana jakisoni."

Ndinawagwira dzanja n'kuwaimiritsa. Ndinaika chikhatho chawo pakhoma ndipo tinayamba kuyenda. Ulendo wake sunali wautali. Anasisita khoma la kumutu kwa bedi, anapeza msomali uja, anadutsa pamatabwa, anafika pachitseko, nabwerera pomwe tinayambira. Anazunguliranso kachiwiri okha, dzanja lili m'mwamba, kenako lili m'munsi.

"Wandigoneka m'khola la nkhuku," anatero.

"Ee, amayi."

"Ndiye maambulera aja unawatenga kuti?"

"Padenga. Amenewo ndi enieni."

"Mphunzitsi wa mbuzi?"

"Ameneyo afunseni achemwali anu."

Milomo yawo inagwedezeka, koma chikwama sanachisiye. "Yatsa getsi ndione."

"Swichi aitsekera. Tiyeni m'khondemu, muli kakuwala."

"Ayi. Ngati diso ili latsala ndi kuona kumodzi, sindikuwonongera pa matumba a anyezi. Undikweze kumeneko."

Ndinadziwa zimene namwino akananena. Ndinadziwanso kumene kunali depoti. Tinakwera masitepe pang'onopang'ono, iwo patsogolo, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno. Bambo wa makiyi anatiyang'ana ali pansi.

Padenga dzuwa linali lisanakwere kwambiri. Wina anali atayanika nsalu zoyala pabedi, ndipo ndinawaimika amayi mumthunzi wake, dzuwa lili kumbuyo. Ndinasamba m'manja pampopi wa pathanki. Kenako ndinamatula pulasitala ya m'munsi, ndinakweza kachigoba kaja ndi thonje lake, n'kutchinga pamphumi pawo ndi dzanja langa.

Chikope chinali chotupa. Chinatseguka pang'ono, chinatsekeka msanga, ndipo misozi inatsika tsaya limodzi lokha.

"Chikuwawa?"

"Khala chete."

Chinatsegukanso. Zala zawo zinandikanikiza pamkono mpaka zikhadabo kulowa. Pansi pathu msika unkaomba liwu lake lija, ndipo amayi anaima osapuma, pakamwa pali pululu.

"Mayo ine," ananong'ona. "Kumwambaku anakupaka liti utoto wotere?"

"Kumakhala choncho, amayi."

"Bodza. Kunali kotuwa zaka zonsezi." Anatsitsa mutu pang'onopang'ono ngati wasenza madzi odzaza. "Zikuoneka ngati ndili m'madzi, koma ndikuona. Ofiira aja ndi awo. Wati kumanja, ali kumanjadi. Icho chikuyendacho n'chiyani, chachikasu?"

"Nthochi zakupsa, zili pangolo."

"Zonsezo? Adya ndani?" Anaseka, n'kusiya msanga. "Taona anthu, iwe. Taona anthu! Onsewa anadzuka m'mawa uno, aliyense ndi kumene akupita, ndipo sakugundana. Amayi awo anawabereka liti onsewa?"

Kumtsinje kunadzuka gulu la nkhunda. Zinakwera pamodzi pamwamba pa malata, zakuda ngati utsi, kenako zinatembenuka zonse nthawi imodzi n'kuyera mbee, ngati wina wakutumula nsalu yaikulu kumwamba. Zinatembenukanso n'kuda. Amayi anazitsatira ndi mutu wonse.

"Izi sunandiuze."

"Dzulo sindinaziwone."

"Maso awiri, ndi digiri pamwamba." Anapukusa mutu pang'ono. "Ndipo mtsinje ukung'anima ngati malata atsopano, iwe unangoti kuli mabwato."

Kenako anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lofiira, lonyowa, laling'ono, kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano. Ndinaona kuti akufunafuna mtsikana wa sekondale amene anamuona komaliza, ndipo ndinaima chilili kuti amupeze. Anakweza dzanja n'kundigwira mphuno, monga ankachitira zaka zonsezi pofuna kudziwa kuti ndine.

"Ndiwedi," anatero. "Mphuno ya abambo ako yakula. Tsitsili anakumeta ndani, anali wokwiya?"

"Amayi, tatsekani tsopano, fumbi lingalowe."

"Pang'ono pokha."

Anayang'ananso msika, kuchokera kumlatho mpaka kumene malata ankasungunukira m'nthunzi. Pamlatho panalibe mbuzi ngakhale imodzi, ndipo anati nkhani imeneyo akaithetsa ndi achemwali awo madzulo. Atatero anatseka diso okha n'kukweza chibwano kuti ndimate.

"Chikwama tichisiye m'khola mwathumo," anatero. "Ndipo umate mowongoka, dokotala asadziwe. Mwana wa eni wagwira ntchito yabwino. Ndikufuna akamatula ndikadabwe bwinobwino."