Kuodira Mtembo

Bertha Nyathando anali ndi kachinsinsi kamene sanauzepo ngakhale mwamuna wake. Nthawi zonse asanavundukule mtembo kuti aphunzitse ophunzira zaudokotala za m'thupi la munthu, ankanong'ona kuti, "Odi." Kwawo ku Nsanje anakula akudziwa kuti malemu sitingowagwera ngati talowa m'golosale. Madigiri awiri anatenga, koma odiyo sanamuchoke pakamwa.

Tsono Lachiwiri limenelo inali nthawi yoti mphunzitsi mnzake adzamuonerere akuphunzitsa, n'kulemba lipoti. Lipotilo ndilo linali loti ligamule ngati amulembe ntchito yokhazikika kapena akakhale pakhomo ku Naperi. Ndiye mwa aphunzitsi onse, anamusankhira a Dokotala Sulemani, mkulu wosaseka, amene analizapo anthu a ndevu zawo chifukwa cha kamtsempha kamodzi.

Ulendo wonse m'minibasi Bertha ankadziuza kuti lero odi ayi. Mkuluyo angamve, n'kulemba kuti mayi uyu amalankhula ndi mitembo.

Analowa m'chipinda chozizira chophunziriramo mitembo, fungo la mankhwala likuwawa m'maso. Ophunzira khumi ndi awiri anazungulira tebulo. A Sulemani anakana mpando, nadzaima pambali pake penipeni, cholembera chili m'manja.

Bertha anagwira nsalu yovundikira mtembo osaodira. Manja anakana. Zala zinangouma gwa, thukuta lili kamukamu m'magolovesi. Anachita mantha zedi, osadziwanso ngati akuopa wogonayo kapena woimirirayo. Wophunzira wina anatsokomola.

"Tikudikira, a Nyathando," anatero a Sulemani.

Basi Bertha zinamukanika. Anawerama ngati akukonza nsaluyo, nanong'ona, "Odi, bambo."

Pomwepo cholembera chinayamba kuyenda. Bertha anachimva chikukanda pepala. Phunziro lonse la mitsempha ya m'dzanja analiphunzitsa ndi pakamwa pokha, maganizo ali pa zimene akamuuze mwamuna wake akaweruka.

Ophunzira atatuluka, a Sulemani anamupatsa pepalalo, nkhope ili yomwe ija.

"Cholakwa ndapezapo chimodzi, koma n'chachikulu. Werengani."

Bertha anawerenga: "Amaodira monong'ona. Ophunzira sanamve."

Anadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa.

"Anawa mawa azidzagwira anthu amoyo," anatero mkuluyo akuvula chikhoti chake choyera. "Mukamawabisira ulemu, akauphunzira kuti? Zinazo ndasaina. Koma Lachinayi ndibweranso, ndipo odi ameneyo ndidzamumve ndili pachitseko apo."